Galu Wopanda Mwini Uja Ndi Wathu



Lamulungu lapitali, titangotuluka m'Misa yachiwiri, panja pa tchalitchi panafika galu wamkazi wofiirira. Nthiti zake zinali zowerengeka, ubweya wa kumsana unali utathothoka ndi mphere, ndipo mawere ake olendewera ankachitira umboni kuti kwinakwake wasiya ana akulira. Sanauwe ndipo sanaopseze munthu. Ankangonunkhiza pansi pomwe amayi amakhala ndi mabeseni a mandasi ndi zitumbuwa, kufunafuna nyenyeswa. Anyamata atatu amene anali atangomaliza kumene phunziro la katekisimu anatola miyala. Woyamba unaphonya. Wachiwiri unam'peza mwendo wakumbuyo, galuyo nalira kamodzi n'kuthawira m'munda wa tiyi akutsimphina. Akuluakulu tinalipo ambiri pamalopo, koma palibe amene anatsegula pakamwa kudzudzula anawo. Ena anachita kuseka. Inenso ndinali pomwepo, buku la nyimbo lili m'manja, ndipo ndinangoyang'ana ngati anzanga. Kusalankhula kwangako kwandisowetsa mtendere sabata yonse, n'chifukwa chake lero ndasankha kukamba za agalu, ngakhale ndikudziwa kuti ena adzati ndasowa nkhani.

Nditafunsa kuti galuyo ndi wa yani, yankho linali lomwe tonse timalidziwa: alibe mwini. Koma kwathu kuno kwa Kapichi galu samera ngati bowa. Galu aliyense amene mumamuona akuyendayenda pamsika wa Khonjeni, kapena akufukula zinyalala kuseri kwa magolosale ku Luchenza, anabadwira pakhomo pa munthu, ndipo ngati si iye, ndiye mayi wake. Alipo amene anam'nyamulapo m'manja ali kamwana, nam'patsa dzina, ana a pakhomopo nasewera naye. Tsiku lina zinthu zinasintha, ndipo pofuna kudziyeretsa tinayamba kunena kuti alibe mwini.

Njira zimene zimam'fikitsa pamenepo timazidziwa bwino. Mvula ikagwa tiyi n'kuchuluka, anthu amabwera kudzagwira ntchito yothyola m'maesiteti, ndipo ena amatenga kagalu koti kaziwalondera nyumba iwo akalawirira kumunda. Nyengo ikatha amamanga katundu wawo, koma m'minibasi mulibe malo a galu. Iye amatsala akudikira pakhomo lotseka mpaka njala itam'chotsapo. Wina galu wake waswa ana asanu ndi mmodzi. Aamuna awiri anthu atenga msanga, aakazi anayi palibe owafuna poopa kuti nawonso adzaswa. Ndiye madzulo mwana wa pakhomo amapatsidwa thumba kuti akataye kumtsinje kapena pakati pa tiyi. Taonani kuti ntchito yoipa chonchi timaisenzetsa ana, ndipo mawa timadabwa akamatola miyala. Winanso galu wake wakalamba, sathanso kuthamangitsa kalulu pa uzimba, mano aguluka. Palibe amene amanena poyera kuti tam'thamangitsa. Mbale yake imangoleka kuoneka pang'onopang'ono.

Palinso agalu ena otayidwa amene sanachoke n'komwe pakhomo. Kuli chikhulupiriro chakuti galu ukam'khutitsa amagona tulo, wakuba n'kulowa, choncho n'kwabwino azikhala ndi njala kuti aziuwa. Ena amam'tsekera usana wonse m'kakhola ka malata kotentha ngati ng'anjo, kuti asazolowere anthu. Ena amam'manga ndi waya wofupika umene umadya khosi mpaka kuchita chilonda. Mumamvanso za anthu othira tsabola m'chakudya cha galu ati kuti aluse. Galu wotere amalusadi, koma sasiyanitsa wakuba ndi mwana wa mnansi wodzapala moto. Tsiku lomwe waya uja waduka, woyamba kulumidwa kawirikawiri ndi mwana.

Sindikuloza chala anthu ena okha. Kwathu tili ana tinali ndi galu dzina lake Zaanthu. Mukudziwa m'mene agogo athu ankatchulira agalu maina: mawu omwe akulephera kumuuza mnansi maso ndi maso ankawaika pa galu, kenako n'kumam'itana mokweza m'mawa ndi madzulo. Zaanthu ankatiperekeza kumtsinje, ankatsatira amayi kuchigayo, ndipo usiku wina anadzutsa bambo akuba atafika pakhola la mbuzi. Malipiro ake anali nkhoko za mumphika, pa tsiku lomwe zatsalako. Sindikumbuka kuti tinam'ikirapo madzi akumwa; tinkayesa kuti galu amadzionera yekha. Atachita zilonda m'makutu, ntchentche zikum'zunza, tinkam'pirikitsa pakhonde chifukwa cha fungo. Anakafera kuseri kwa nkhokwe, ndipo tinazindikira patapita masiku awiri. Sitinali anthu odziwika ndi nkhanza. Tinali banja lopemphera kolona madzulo aliwonse. Kungoti palibe amene anatiuzapo kuti chifundo chimene tinkachipempha kwa Mulungu m'nyumba chinkayeneranso kufika kwa cholengedwa chogona pakhonde.

M'dziko muno alipo mabungwe amene anadzipereka kusamalira nyama zotere. Ku Blantyre kuli Blantyre Society for the Protection and Care of Animals, imene ambiri amangoitchula kuti BSPCA. Ku likulu kuli inzake, Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals, kapena kuti LSPCA, imene inayamba ntchito mu 2008. Mabungwewa amalandira agalu ndi amphaka otayidwa kapena ovulala, amawapatsa mankhwala ndi katemera, amawachita opaleshoni yoletsa kubereka, kenako n'kuwafunira makomo atsopano. LSPCA yalimbananso kwambiri ndi malonda a tiana ta agalu m'mbali mwa misewu, pomwe ogulitsa amatinyamula m'mwamba padzuwa kuonetsa oyenda pa galimoto, tina tisanafike n'komwe pa msinkhu wosiya kuyamwa. Ndipo ambiri a ife sitidziwa kuti m'mabuku a malamulo a dziko lino muli lamulo lotchedwa Protection of Animals Act, limene limati kumenya kapena kuzunza nyama mwankhanza ndi mlandu. Zimene zinachitika panja pa tchalitchi chathu zija, ngakhale lamulo la boma silizivomera.

Ndikufuna tiime pang'ono pa nkhani ya malo osungira agalu otayidwawa, pakuti malo sakhala achifundo chifukwa chongokhala ndi mpanda ndi chikwangwani. Galu wobwera kumene amayenera kupatulidwa kaye kwa masiku angapo, kuopa kuti wabwera ndi matenda. Alipo matenda a agalu, monga a parvo otsegula m'mimba mwa magazi, amene amatha kumaliza tiana tonse ta m'khola limodzi m'masiku ochepa chabe. Galu amene wakhala nthawi yaitali ndi njala sayenera kukhutitsidwa nthawi imodzi, koma kupatsidwa pang'onopang'ono kangapo pa tsiku mpaka thupi litazolowera. Pamafunika madzi oyera nthawi zonse, mthunzi, pogona pouma, mankhwala a utitiri, nkhupakupa ndi njoka za m'mimba. Koma chimene anthu ambiri sachiganizira ndi dzanja la munthu. Galu wokulira m'miyala amati akaona munthu akuwerama amathawa, poyesa kuti akutola mwala. Kuti galu wotere adzalolenso kukhudzidwa pamafunika munthu wodekha wokhala naye pafupi tsiku ndi tsiku kwa masabata ambiri, ndipo popanda zimenezi sangapatsidwe kwa banja lokhala ndi ana.

Apa ndiye pali vuto lalikulu la malo onse otere, kulikonse padziko. Khola lokwana agalu khumi likalandira makumi atatu, amphamvu amalanda chakudya cha ofooka, matenda amafalikira, ndewu sizitha, ndipo malo amene anamangidwa kuti akhale pothawira amasanduka ndende. Wosunga agalu wanzeru amayenera nthawi zina kukana kulandira, ngakhale mtima ukum'pweteka. Ndipo pamene galu wavulala kapena kudwala moti sangachirenso, dokotala wa ziweto amam'baya jakisoni wom'goneka osadzukanso, popanda ululu. Ena adzati kupha ndi kupha basi. Ine ndikuti ayi. Pali mtunda wautali pakati pa imfa imeneyo ndi ya tameki woikidwa m'chidutswa cha nyama, amene galu amafa naye akuphupha thovu lili kukamwa, ndipo nyama yotsalayo n'kudyedwa ndi galu wa mnansi, mphaka, ngakhale kutoledwa ndi kamwana kokwawa.

Chinthu china chimene chimadzaza makola amenewa ndi maso athu omwe. Munthu akapeza kandalama amafuna galu wachizungu, German Shepherd kapena Boerboel, ndipo amalolera kulipira ndalama zambiri. Galu wachikuda wa makutu oima ndi mchira wopindika timam'nyoza, pamene iyeyu ndiye wozolowera dzuwa lathu ndi chakudya chathu, ndipo ukam'samala amalondera pakhomo mosaperewera. Achibale athu okhala ku Limbe, ku Bangwe kapena ku Ndirande akafuna galu, bwanji osayamba akafunsa ku BSPCA? Aliyense wotenga galu kumeneko watsegula malo a wina amene akadali pamsewu.

Komabe tinene zoona. Ndani kuno adzakwera minibasi ndi galu wa mphere kuchoka ku Khonjeni mpaka ku Limbe, n'kulipira yekha ulendo wopita ndi wobwerera? Ndipo ngakhale atapezeka woyenda ulendo wotero, mabungwe aja amadalira thandizo la anthu akufuna kwabwino. Sangasunge agalu onse otayidwa a ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Blantyre yemwe. Ndiye ganizo langa ndi ili: ife a kwa Kapichi tisadikire kuti wina adzatimangira malo osungira agalu. Kuno pothawira galu ndi pakhomo pa munthu. Ngati khomo lililonse litasunga galu wake bwino mpaka imfa, ndi kuleka kuswetsa ana amene silingawasamale, agalu oyendayenda angachepe okha popanda khola kapena mfuti.

Ndikumva kale funso limene ena muli nalo, ndipo si funso lopusa. Mukuti: anthu akugona ndi njala, wothyola tiyi malipiro ake satha mwezi, malo olima kuno ndi ochepa, ana amasiye ali mbwee, ndiye iwe ukutiuza za agalu? Kodi zimenezi si za anthu olemera amene amagulira galu nyama m'sitolo mlonda wawo akudya nsima ya mchere?

Mpingo funso limeneli unaliganizira. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2418, amaphunzitsa zinthu ziwiri pamodzi: kuti kuzunza nyama kapena kuzipha popanda chifukwa n'kosayenera ulemu wa munthu, komanso kuti n'kosayenera kuwonongera nyama chuma chimene chikanayamba chathandiza anthu ovutika. Choncho wodyetsa galu zonona mlonda wake ali ndi njala walakwa, ndipo woponya galu miyala walakwanso. Onani kuti Katekisimu akunena za ulemu wa munthu, wa iwe ndi ine. Wovulala ndi galu, koma wotsika ndi woponya mwalayo. Ndime 2416 imatikumbutsa kuti nyama ndi zolengedwa za Mulungu, zimene Iye mwini amazisamalira, ndipo ife tili ndi ngongole ya kukoma mtima kwa izo. Papa Francis, amene anatisiya mu 2025, analemba m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015 kuti mtima tili nawo umodzi wokha, ndipo nkhanza zimene tizolowera kuchitira nyama sizichedwa kuonekera pa anthu anzathu. Mnyamata wophunzira kuseka pamene chamoyo chikulira ndi ululu, phunziro limenelo saliiwala akadzakwatira.

Ndipo zimene ndikupempha sizilanda mwana wamasiye chakudya. Madzi m'chigubu chodula pakati sagulidwa. Phala la madeya lothira msuzi wotsala, mitu ya usipa, mkute wa dzulo, zimenezi pakhomo pambiri zimapezeka. Mthunzi ndi thumba lakale logonapo sizifuna ngongole. Ngati khomo lafika poti ngakhale izi sizingatheke, palibe manyazi kunena kuti ife galu sitingathe, n'kusamutenga poyamba pomwe.

Koma pali chifukwa china chimene chiyenera kukhudza ngakhale munthu amene agalu sawakonda n'komwe, ndicho chiwewe. Bungwe la za umoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi ku Asia. Pafupifupi onse amawatenga kwa agalu, ndipo anayi mwa khumi aliwonse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, munthu sachira. Kuno kwathu nkhaniyi si yongomva. Mu 2007 madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, motsogozedwa ndi Dr Macpherson Mallewa, anafalitsa zimene anapeza atayeza ana omwalira ndi matenda a mu ubongo: mwa ana 26 amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo, 3 anali atafa ndi chiwewe. Ndiye kuti alipo makolo amene anaika mwana m'manda akunena kuti ndi malungo, osakumbuka kabala kakang'ono ka mano a galu ka miyezi iwiri yapitayo. Mu 2012 madokotala a pachipatala chomwechi anachenjezanso poyera kuti ana odwala chiwewe achuluka.

Chenjezo limenelo ndilo linabweretsa bungwe la Mission Rabies ku Blantyre mu 2015. Pogwirizana ndi BSPCA ndi nthambi ya boma yoona za umoyo wa ziweto, iwo anabaya katemera agalu oposa 35,000 mumzindawo m'masiku 20 okha. Anthu ankabweretsa agalu awo pa masukulu ndi malo ena osankhidwa, kenako magulu a obaya ankayenda khomo ndi khomo kufuna otsala. M'zaka zotsatira ntchitoyi inafika ku Zomba ndi ku Chiradzulu, ndipo chiwerengero cha ana ofika ku Queen Elizabeth ndi chiwewe chinatsika kwambiri. Nzeru yake ndi yosavuta. Galu wachiwewe asanafe amaluma agalu ena ochepa chabe. Ngati mwa agalu khumi aliwonse a m'dera asanu ndi awiri ndi obayidwa, mano ake amagwera kawirikawiri pa galu wotetezedwa, ndipo matenda amasowa kolowera mpaka kuzimirira. Galu wobayidwa katemera ndiye mpanda pakati pa chiwewe ndi ana athu.

Taonani tsopano m'mene kusamala galu kumakhudzira moyo wa mwana. Pa tsiku la katemera, galu amene amadyetsedwa ndi kukhudzidwa amalola kumangidwa chingwe n'kutsatira mwana wa zaka khumi mpaka kokabaya. Galu wa njala ndi miyala sagwirika. Amathawira m'tiyi, ndipo ndi yemweyo amene usiku amakumana ndi agalu achilendo ndi nkhandwe. Tikamazunza agalu tikudziboolera tokha mpanda uja. Palinso ena amene amabisa agalu awo pa tsiku la katemera ponena kuti jakisoni amafooketsa galu, sathanso kuuwa kapena kusaka. Zimenezi n'zabodza. Katemera salanda galu mphamvu kapena mawu.

Akuluakulu athu amakumbuka m'mene zinkakhalira a zowona za ziweto akalengeza kuti agalu onse amangidwe, wopezeka akuyendayenda n'kuomberedwa. Mpaka lero kukamveka kuti galu waluma mwana, mawu oyamba m'mudzi amakhala akuti tiphe agalu onse. Mkwiyowo ndi womveka. Koma akatswiri a WHO anapeza kuti kupha agalu mwachisawawa sikuthetsa chiwewe. Pophedwa amafa ndi obayidwa omwe, makamaka ofatsa osavuta kuwapeza. Eni ake pofuna kuwapulumutsa amawasamutsira kumidzi ina, ndipo ena amasamuka ndi matenda. Patapita miyezi yochepa khomo lililonse latenganso kagalu katsopano kosabayidwa, ndipo mpanda uja wagwa ndithu.

Chimene aliyense wa ife ayenera kuchidziwa ngati pemphero la Atate Athu ndi ichi. Galu akaluma kapena kukanda munthu, tsukani balalo nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono. Musathirepo phulusa, musawotcherepo ubweya wa galuyo, musadikire kuti muone ngati lipole. Dziwitsaninso alangizi a za ziweto. Ngati galuyo ndi wodziwika ndipo akuoneka wabwinobwino, am'tsekere bwino ndi kum'patsa chakudya ndi madzi kwa masiku 10 akumuyang'anira. Akatha masikuwo ali wathanzi, ndiye kuti pa nthawi yoluma sanapatsire chiwewe. Koma kuyang'anira galuko kusachedwetse ulendo wa kuchipatala. Ndipo inu ang'ono athu, chifundo si kupusa: galu wachilendo amene akutuluka dovu, akuluma mitengo ndi miyala, kapena akuyenda modzandira, musam'yandikire, kauzeni akuluakulu.

Tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse ndi 28 September, tsiku limene anamwalira Louis Pasteur wa ku France mu 1895, yemwe zaka khumi m'mbuyo mwake anapulumutsa ndi katemera wake mnyamata wolumidwa ndi galu wachiwewe. Patangopita masiku asanu ndi limodzi, pa 4 October, Mpingo umakumbukira Francis Woyera wa ku Assisi. Ine ndimaona kuti masiku awiriwa anayandikana bwino, ndipo gulu lathu la achinyamata likhoza kuisandutsa sabata imeneyo kukhala yake: kufunsiratu kwa alangizi a za ziweto za tsiku ndi malo a katemera, kupempha kuti chilengezo chiwerengedwe m'tchalitchi ndi m'miphakati, ndi kupita kwa agogo amene sangathe kukoka galu mtunda wautali kukawatengera.

Koma woyera amene amandigwira mtima kwambiri pa nkhaniyi ndi Martin de Porres, amene timam'kumbukira pa 3 November. Anabadwira ku Lima, m'dziko la Peru, mu 1579, bambo ake Mspanishi, mayi ake mkazi wachikuda womasulidwa ku ukapolo. Anakhala m'bale wa chipani cha Dominiko, wogwira ntchito zonyozeka za kusesa, kumeta ndi kusamala odwala. Ankadyetsa amphawi, ankasamala akapolo obwera nawo kuchokera ku Africa, anathandiza kuyambitsa nyumba ya ana amasiye. Ndipo munthu yemweyo ankatola agalu ndi amphaka odwala m'misewu ya Lima n'kukawasunga kunyumba kwa mlongo wake. Papa John XXIII anam'lengeza kukhala woyera mu 1962. Palibe m'mphawi wa ku Lima amene anagona ndi njala chifukwa chakuti Martin anamanga bala la galu. Wofunsa kuti tisankhe ana amasiye kapena agalu ayang'ane moyo wa munthu ameneyu. Ndipo onani kuti malo ake osungira nyama sanali nyumba ya bungwe. Linali khomo wamba la m'bale wake.

M'Malembo Oyera agalu satchulidwa kawirikawiri mwaulemu, monganso pakati pathu, pomwe dzina la galu ndi chitonzo. Komabe m'buku la Tobiti, pamene mnyamata Tobiyasi ananyamuka ulendo wautali ndi mngelo Rafaele, wolemba sanaiwale kunena kuti galu anapita nawo, ndipo pobwerera anali nawobe. Ndipo m'fanizo la Lazaro, pa Luka 16, munthu wachuma sanam'labadire wosauka wogona pachipata chake. Amene anam'yandikira anali agalu. Buku la Miyambo, mutu 12, limayesa chilungamo cha munthu ndi m'mene amasamalira chiweto chake.

Pali nkhani imodzi yotsala imene anthu amaiopa kuikamba, ya kuswa. Galu wamkazi amatha kuswa kamodzi kapena kawiri pa chaka, ndipo bere lake limatenga miyezi iwiri yokha. Thumba lija la kumtsinje limayambira apa. Njira yake ndi opaleshoni yoletsa kubereka, yochitidwa ndi dokotala wa ziweto galu atagonekedwa ndi mankhwala. Sindikunena za kuthena ndi lezala kapena mphira kuseri kwa nyumba, kumene ndi nkhanza zina. Mabungwe aja nthawi zina amachita maopaleshoni otere m'madera, ndipo pamene anthu ambiri apempha pamodzi, kudzera kwa amfumu ndi kwa alangizi a za ziweto, pempho limamveka kusiyana ndi la munthu mmodzi. Pamene opaleshoni sinapezeke, galu wamkazi akayamba nyengo yake atsekeredwe pamalo abwino kwa masabata atatu, asayende ndi amuna. Ndipo tiana tikabadwa, tisachotsedwe kwa mayi wake tisanakwane masabata asanu ndi atatu.

Lachitatu madzulo ndinapita kukam'funa galu wofiirira uja. Amene anandilondolera ndi mmodzi mwa anyamata oponya miyala aja, pakuti ana amadziwa kumene galu aliyense wa m'dera amagona. Sindinam'kalipire; ndinangom'pempha kuti anyamule chigubu cha madzi. Tinam'peza m'ngalande youma m'mphepete mwa munda wa tiyi, ali ndi ana atatu amene angoyamba kumene kuyenda. Mwendo uja ndi wotupa, koma akuupondetsa. Sitinam'yandikire kwambiri. Tinaika phala la madeya ndi madzi patali pang'ono n'kubwerera m'mbuyo, ndipo anadikira mpaka titafika pamsewu asanayambe kudya. Kuyambira tsiku limenelo achinyamata anayi a mumphakati wathu akusinthana kupita madzulo aliwonse. Banja lina lavomera kudzam'tenga mayiyo akayamba kulola anthu, ndipo tapita kale kukafunsa za katemera ndi mankhwala a mphere. Kamwana kamphongo kapeza kale khomo. Twatikazi tiwiri tikadalibe, ndipo tidzakhala titakwana kusiya kuyamwa pakatha mwezi umodzi. Amene angathe kutenga kamodzi, makolo ake atavomera, andipeze panja pa tchalitchi Lamulungu likudzali ikatha Misa yachiwiri.